Galimoto tikaimika pati tikafika ku Linga?

Make Tadala: Odi pagulu pano, akuluakulu ndi anzanga nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru. Lachisanu likudzali ndikunyamuka ku Lilongwe ndi amayi anga komanso ana awiri, ulendo wa ku Nkhotakota. Amayi anabadwira ku Linga, anabatizidwira ku All Saints, koma chichokereni ali mtsikana sanapondekonso. Tsopano miyendo yayamba kuwavuta, ndipo akhala akundiumiriza kuti akaone tchalitchi chija, mkuyu wa Livingstone ndi doko maso akadali kuona. Ine sindinayendetseko galimoto kumeneko. Kodi kuli malo oimikapo galimoto ngati m'tauni muno, kapena munthu amangoima pomwe wapeza mthunzi? Galimoto yake ndi ka Sienta.

Adalaivala a ku Kamuzu Road: Mwachita bwino kufunsa mayi. Msewu umenewo ndimauyenda pafupifupi tsiku lililonse. Kuchoka ku Lilongwe kufika kuno ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka kuno kutsata M5 mpaka pa boma la Nkhotakota ndi ena opitirira pang'ono 100. Lawirani m'mamawa kuti musathamange, chifukwa njirayi ili ndi malo okumbika ndi milatho ina yopapatiza yoti muzidikirana. Mukafika, chinthu choyamba: musaimike m'mphepete mwa M5 n'kuchokapo. Pamenepo pamadutsa mathiraki ochokera ku Dwangwa, mabasi a ku Mzuzu, maminibasi, akabaza, onse kulimbirana tala yemweyo. Galasi lam'mbali limathyoka inu muli kogula madzi.

Achimwene a Hilux: Mayi musadzivutitse. Nkhotakota si Lilongwe, kulibe wa khonsolo wokutsatani ndi lisiti. Khotani msewu wotsikira kunyanja, yendetsani mpaka pomwe mukufuna, imikani. Malo ndi ambirimbiri. Ana akabwera apatseni kandalama akuyang'anireni. Ine ndinatero chaka chatha, ndinafika mpaka pamadzi penipeni.

Aphiri a ku Linga: Achimwene, ndikupempha kuti mawu amenewo muwabweze pang'ono. Ine ndine mwana wa konkuno ndipo ndikulemba pano ndili pakhonde. Malo amene mlendo amawaona ngati opanda mwini ali ndi eni ake onse. Pena ndi bwalo la munthu pomwe amayanika mpunga. Pena ndi njira yomwe asodzi amadutsitsa makoka. Pena ndi manda. Manda akale a kuno si onse ali ndi ziliza. Ena ndi kamtumbira kophwa kale pansi pa mtengo, ndipo amene amadziwa kuti pagona munthu ndi abale ake okha.

Mwezi wa mango chaka chatha kunabwera alendo ndi galimoto yaikulu, anthu abwinobwino ndithu, anakhotera pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba ya azakhali anga pofuna mthunzi. Tayala lakumbuyo linaponda pamene tinaika agogo athu. Azakhali sanakalipe, anangokhala pansi n'kuyamba kulira. Alendowo atauzidwa anagwira pakamwa, anapepesa kwambiri, koma chinthu chinali chitachitika. Akanangotsitsa galasi n'kunena kuti odi, mwana aliyense akanawalozera poyenera.

Achimwene a Hilux: Pepani Aphiri, za manda sindinaziganizire. Ine ndimanena za kugombe.

Mnyamata wa Kabaza: Kugombeko ndiye kovuta bwana. Inu munafika chifukwa yanu imakoka ndi matayala onse anayi. Sienta imakoka ndi akutsogolo okha ndipo ndi yotsika mimba. Ife akabaza ndi amene timaitanidwa kukakankha. Mwezi sungathe osakankha galimoto yotitimira mumchenga. Mayi, tala akatha inunso imani.

Make Tadala: Ndamva, zikomo. Koma nkhawa yanga ndi amayi. Sangayende mtunda wautali. Kuchoka pamsewu waukulu kufika kunyanja n'kutali bwanji?

Aphiri a ku Linga: Munthu wamphamvu amayenda mphindi makumi awiri kapena atatu, koma agogo musawayendetse wonsewo. Chitani chonchi. Tsikani ndi galimoto mpaka ku mishoni. Tchalitchi cha All Saints ndi chipatala cha St Anne's zili pafupipafupi, ndipo mkuyu wa Livingstone uli m'dera lomwelo. Imani pachipata, tsikani, perekani moni kwa amene mwamupeza, nenani chimene mwadzera, ndipo mufunse kuti galimoto muike pati. Akulozerani. Mukatero agogo ayenda pang'ono chabe. Chokhacho, musatseke polowera kuchipatala, chifukwa ambulansi siidziwika nthawi yake, komanso odwala ena amabwera atanyamulidwa pa njinga kuchokera kumidzi.

Aphunzitsi Opuma: Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza. Ndinaphunzitsa m'boma la Nkhotakota zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse ndinkatenga ana kupita nawo pansi pa mkuyu umenewo. Mayi a Tadala, ndikufuna ana anuwo akafike akudziwa pomwe aponda.

M'zaka za m'ma 1840 kunafika Mswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, dzina lake Salim bin Abdallah, amene anthu anamutcha Jumbe. Anasankha malo amenewa chifukwa cha doko: mchenga wa Sungu umatchinga mafunde, ndiye zombo zinkakocheza bwino. Kuchokera pamenepo ankawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita tsidya lija la nyanja, ndipo kuchoka kumeneko anthuwo ankayenda pansi mpaka ku Kilwa. Livingstone anafika koyamba mu 1861 pa bwato, n'kudzabweranso mu 1863, ndipo ulendo wachiwiriwo ndi umene anakhala pansi ndi Jumbe kumupempha kuti malondawo athe. Sanathe. Livingstone anamwalira mu 1873 anthu akuwolotsedwabe. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anapangana pangano ndi Jumbe wina mu 1889, ndipo ufumu wa a Jumbe unatha m'ma 1890 pamene womaliza anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar.

Tsono chimene chimandipweteka ndi ichi. Ndaonapo kangapo galimoto itaimikidwa pansi pa mkuyu weniweniwo, tayala pa muzu, eni ake akujambulitsa atatsamira boneti. Mtengo umenewo unali wamkulu kale mu 1863. Mizu ya mkuyu imayenda pamwambamwamba, imafika kutali kuposa pomwe nthambi zalekezera. Galimoto ikamaima pamenepo dothi limagangatika, madzi amvula salowa, mpweya sulowa, ndipo mizu ing'onoing'ono yomwe imamwetsa mtengo imafa. Ukaphatikiza oyilo wodontha, mtengo umayamba kuuma nthambi imodziimodzi anthu n'kumati ndi ukalamba. Ikani galimoto kunja kwa mthunzi wake, mulowe ndi mapazi.

Make Tadala: Aphunzitsi, zimenezi ndiwawerengera ana usiku uno. Amayi amatchulanso za manda a bishopu amene ali m'tchalitchimo. Ndi ndani ameneyo?

Aphunzitsi Opuma: Ndi Chauncy Maples. Mishoni ya Anglican ya UMCA inakhazikika ku Kota Kota (Nkhotakota) mu 1894. Chaka chotsatira, 1895, Maples atangodzozedwa kukhala bishopu wa Likoma, bwato lomwe anakwera linagubuduzika ndi namondwe chakuno ku Salima, iye n'kumira. Thupi lake linapezeka ndipo anakaliika ku Nkhotakota. Sitima ija yotchedwa Chauncy Maples, yomwe inayamba kuyenda panyanja mu 1901, inatchulidwa pokumbukira iyeyo. Mukapempha bwino akutsegulirani tchalitchi muone.

Amwalimu: Salaam kwa nonse. Ndaona kuti mayi akufika Lachisanu, ndiye ndiwonjezere. Kuyambira cha m'ma 12 koloko mpaka cha m'ma 2 masana ndi nthawi ya swala ya Lachisanu. Tinjira ta ku Linga timadzaza anthu opita kumzikiti, okalamba ndi ndodo zawo, ana, njinga. Tinjirato tinapangidwa ndi mapazi kalekale galimoto zisanabwere, ndipo mipanda ili phee m'mbali zonse ziwiri. Galimoto imodzi ikaima pamenepo njira yatsekeka. Ngati mukufuna kuona mzikiti wakale ndi manda a a Jumbe, bwerani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo galimoto isiyeni kumtunda. Funsani akuluakulu a pamzikiti, akupatsani munthu wokuperekezani. Amayi atenge chitenje ndi mpango, ndipo nsapato zimavulidwa pakhomo.

Anangozo: Amwalimu, pepani ndifunse mosabisa. Ine ndikapita kumanda a a Jumbe mtima umandiwawa. Agogo a agogo anga anathawa kumudzi kwawo chifukwa cha anthu amenewa. N'chifukwa chiyani tiziwalemekeza mpaka kuvula nsapato?

Amwalimu: Mayi, funso lanu ndi loona ndipo sindilizemba. Kugulitsa munthu kunali koipa, palibe Msilamu wa ku Linga amene angakuuzeni zina. Ambiri a ife amene timaswali m'mizikiti imeneyi ndife Achewa, ndipo m'mabanja mwathu momwemo muli zidzukulu za ogwidwa ndi za ogwira, magazi anasakanikirana kalekale. Nsapato timavulira nyumba ya Mulungu, osati Jumbe. Koma mandawo tiwasunge, chifukwa akafafanizika ndi matayala, mwana wa mawa adzati nkhani ya ukapolo ndi nthano.

Anangozo: Ndamva Amwalimu. Mtima sunapole, koma ndamva.

Aphunzitsi Opuma: Nonse awiri mwalankhula zoona. Malo amenewa, mzikiti, manda ndi mikuyu, boma linawapereka ku UNESCO mu 2011 pa mndandanda woyembekezera wa malo osungidwa a dziko lonse, pamodzi ndi njira zina zomwe akapolo ankadutsa. Ndipo mbiri ya tauniyi sinathere pa a Jumbe. Mu 1960 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unachitikira komweko, Kamuzu atangotuluka kundende ya Gweru chaka chomwecho. Pamsonkhano umenewo ndi pamene anthu anaonanso Masauko Chipembere ndi anzake atatulutsidwa ku Kanjedza, ndiponso pamene Kamuzu anapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Okalamba ena amene anali ana nthawi imeneyo alipobe. Muli m'galimoto magalasi otseka simungakumane nawo.

Adimini: Zikomo akuluakulu chifukwa chokambirana mwaulemu. Tibwerere ku funso la mayi, chifukwa Lachisanu layandikira.

Adalaivala a ku Kamuzu Road: Ndibwerere pa za mthunzi. Kutentha kwa kunyanja kumamukokera dalaivala aliyense pansi pa mtengo, koma yang'anani kumwamba musanazimitse injini. Nkhotakota ndi mudzi wa mango, ndipo mitengo yake ndi italiitali. Kuyambira Novembala mpaka Januwale bango limagwa lokha, kapena ana amaligenda ndi miyala, ndipo mwala umene waphonya bango umatera pa galasi lanu. Mitengo ya kokonati ndiye musayandikire n'komwe. Ine ndinasinthapo galasi lakutsogolo chifukwa cha bango limodzi, ndalama yake inali ya masiku ambiri ogwira ntchito. Bola galimoto itenthe padzuwa, muyale katoni pa galasi, mukabwera mutsegule zitseko zonse kaye mpweya utuluke. Ndipo mwana asatsale m'galimoto ngakhale akugona, ngakhale mwati mphindi zisanu zokha.

Make Tadala: Nanga pomwetsera mafuta? Mnzanga wina akuti iye amasiya pamenepo n'kukwera kabaza.

Adalaivala a ku Kamuzu Road: Zimatheka mukapempha, makamaka ngati mwamwetsa pomwepo. Koma masiku ano a mizere ya mafuta samalani. Thanki ikangofika, mphindi zochepa pamadzaza galimoto ndi njinga zamoto mbali zonse, yanu n'kutsekeredwa pakati mpaka mzere utatha. Ngati mwasungitsa malo ogona, njira yabwino ndi kuika galimoto mumpanda mwa malo ogonawo, pomwe pali mlonda, n'kumayenda ndi kabaza. Malo odyera ena amalolanso mukadya pomwepo n'kuwauza kuti mubwera nthawi yakuti.

Mnyamata wa Kabaza: Agogo akhoza kukwera kabaza wa njinga yakapalasa, osati yamoto. Yakapalasa ili ndi mpando wa siponji ndi popondera, timayenda pang'onopang'ono, pamchenga timatsika n'kumakankha iwo ali pomwepo. Agogo ambiri a kuno amapita kuchipatala choncho. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo munene kuti akudikirani.

Anangozo: Ine ndibwerere pa zimene ananena achimwene a Hilux, zopatsa ana ndalama kuti alondere galimoto. Sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Ndimagulitsa mpunga pamsika ndipo ndimawaona ana amenewa. Mwana akalandira ndalama kwa mlendo Lachisanu, Lolemba sapita kusukulu, amakhala pamsewu kudikira galimoto ina. Ena amayamba kumenyana polimbirana kuti galimoto iyi ndi yanga. Tikuwaphunzitsa kupempha ndife tomwe.

Achimwene a Hilux: Koma mayi, mukapanda kuwapatsa ndi amene amakanda penti ndi msomali. Ine ndimaona ngati bola kupereka.

Aphiri a ku Linga: Achimwene, mwana wa kuno sakanda galimoto imene yaikidwa m'manja mwa munthu wamkulu. Nkhani yagona pamenepo. Mukaima pakhomo pa munthu n'kuodira, n'kunena kuti amayi, tabwera kudzaona kumadzi, tingasiye galimoto pano, galimotoyo yasanduka ya pakhomopo. Mayi uja akangoti ana inu chokani apo, palibe amene ayandikire. Pobwerera mumuthokoze ndi kangachepe, kapena shuga, kapena mugule mango ndi mandasi amene akugulitsa. Ambiri amakana n'kukana ndalama. Koma mukangoima osalankhula ndi munthu, mwatseka ndi rimoti n'kumapita ngati anthu amene akhala pakhondewo ndi zitsa, ndiye kuti galimoto yanu ilibe mwini m'mudzimo.

Amwalimu: Ndi momwemo. Safunsa anadya phula.

Achimwene a Hilux: Komabe ine ndikuona kuti khonsolo ikanakonza malo amodzi, otchingidwa, a mlonda ndi lisiti, pafupi ndi zinthu zakalezi. Mlendo alipire, ndalama ikonze zikwangwani ndi kusesa. Si aliyense amadziwa kuodira, ena ndi azungu, ena ndi ana a m'tauni. Kudalira ulemu wokha ndi kumene kwachititsa kuti tayala liponde manda a agogo anu.

Aphiri a ku Linga: Apa ndiye tagwirizana. Ndakhala ndikuzinena m'misonkhano ya kumudzi. Koma malowo akhale kumtunda, kufupi ndi tala, osati kugwetsa mipanda ya anthu kapena kudula mitengo yakale kuti galimoto zifike pamadzi. Ndipo mafumu a kwa Malengachanzi afunsidwe, chifukwa ndi amene akudziwa pomwe pali manda ndi pomwe palibe. Achinyamata amene akungokhala akhoza kuphunzitsidwa mbiri n'kumaperekeza alendo kuchoka pamenepo wapansi.

Aphunzitsi Opuma: Alendo akuchulukadi. Chiyambireni bungwe la African Parks kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, n'kubweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, galimoto zambiri zimadutsa pa boma. Ambiri amangomwetsa mafuta n'kupitirira osadziwa kuti mbiri ili pamphuno pawo. Pakanakhala poima podziwika bwenzi akutsika.

Make Tadala: Ndikuphunzira zambiri. Funso lina: zikavuta ndithu ndatitimira mumchenga, ndichite chiyani? Ndikhala ndekha wamkulu woyendetsa.

Mnyamata wa Kabaza: Choyamba chotsani phazi pa moto. Anthu ambiri akamva kuti galimoto yagwidwa amaponda kwambiri, matayala n'kumakumba mpaka mimba yagona pansi. Ikatero ndiye ntchito ya anthu khumi. Mukangomva kuti tayala lazungulira pamodzimodzi, imani. Onse atsike. Fukulani mchenga kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala okoka, ikani mamati a m'galimoto momwemo kapena nthambi. Phwetsani matayala pang'ono kuti aphwatalale, chiwongolero chikhale chowongoka, kenako bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono potsata mkukuluzi womwe munabwera nawo. Mukatuluka pitani mukapope musanalowe mu M5. Okankha muwauze mtengo musanayambe, kuti pasakhale mkangano pambuyo.

Adalaivala a ku Kamuzu Road: Ndiwonjezere za mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi. Umaoneka wolimba ndipo poyendapo ndi mapazi umalimbadi, koma galimoto ikaima pamenepo ola limodzi imamira yokha pang'onopang'ono. Mwera ukayamba, mafunde amafika pomwe m'mawa panali pouma. Komanso nyanja inakwera kwambiri mu 2024, malo ambiri amene anthu ankaimikapo kale anamira, ena atsala matope okutidwa ndi kamchenga pamwamba. Amene anapitako zaka zisanu zapitazo asakuuzeni kuti pakutipakuti m'polimba.

Anangozo: Kugombe kulinso matandala a usipa ndi makoka oyanika. Khoka likapondedwa ndi tayala limang'ambika, ndipo ndi chuma cha banja lonse. Fumbi la galimoto likagwera pa usipa wapathandala, mayi uja pamsika amugwetsera mtengo.

Amwalimu: Chinanso chimene alendo a m'tauni amaiwala. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, pali maliro. Chepetsani liwiro, zimitsani wailesi, musalize hutala. Wa njinga amatsika. Musaimike pakati pa masamba awiriwo pokhapokha ngati mwabwera kudzakhuza. Kwathu kuno Msilamu akamwalira sitichedwa kuika, ndiye mukhoza kusiya galimoto m'kanjira m'mawa kuli zii, pobwera masana n'kupeza jeneza yaima, anthu akusowa podutsa chifukwa cha inu. N'chifukwa chake tikuti uzani munthu wa pakhomo kumene mwalowera, kapena musiyireni nambala.

Adalaivala a ku Kamuzu Road: Za akuba tisabise, aliko ngati kwina kulikonse, makamaka pamsika ndi padepoti. Zikwama, laputopu, mafoni, ikani m'buti musanafike pamalo oimapo, osati mutafika anthu akuona. Sienta buti yake imaonekera pagalasi, ndiye fundikani ndi chitenje. Mukatseka ndi rimoti yesani chitseko ndi dzanja. Ndipo tembenuzani galimoto iyang'ane kotulukira mukadali ndi malo, chifukwa pobwera mupeza njinga ndi mbuzi zazungulira.

Make Tadala: Zikomo nonse. Ndalemba zonse papepala. Ndidzakuuzani mmene tayendera.

*Lolemba m'mawa*

Make Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Tabwerako, tafika dzulo madzulo bwinobwino. Ndinalonjeza kuti ndidzanena.

Tinafika pa boma Lachisanu cha m'ma 11. Pokumbukira mawu a Amwalimu sitinatsikire ku Linga nthawi imeneyo, tinapita kaye kumalo ogona, tinadya, amayi anapuma. Cha m'ma 3 tinapita ku mishoni. Ndinaima pachipata n'kutsika monga ananenera Aphiri. Bambo amene tinawapeza anatilozera pambali, padzuwa ndithu, ndipo ndinayala katoni pa galasi. Amayi anayenda okha ndi ndodo mpaka m'tchalitchi. Atalowa anaima nthawi yaitali osalankhula, kenako anayamba kuyimba pansipansi nyimbo ya ubwana wawo imene ine sindinaimvepo chibadwire. Tadala anawerengera mng'ono wake dzina la Chauncy Maples. Pamkuyu tinakhala mpaka dzuwa kupendeka.

Loweruka m'mawa tinapita kumadzi. Ndinayendetsa mpaka pomwe ndinaona kuti mchenga wayamba kuchuluka, ndinaima. Panali nyumba ina, mayi akupeta mpunga pakhonde. Ndinaodira ndi mantha pang'ono, chifukwa m'tauni tinazolowera kuti ukapempha malo umayankhidwa ndi mtengo. Mayiwo anasuntha mphasa, anandionetsa poti ndiike, n'kundiuza kuti ndisapitirire pa chitsa chinachake chifukwa kuseri kwake kunagona anthu. Ine ndi maso angawa sindikanaona chilichonse, panali udzu basi. Aphiri, ndinakukumbukirani pomwepo.

Tsono mayiwo anafunsa amayi kuti kwanu n'kuti. Amayi anatchula mfunda wawo ndi dzina la malume awo. Mayi uja anaika lichero pansi, anatuma mwana kuti akaitane agogo ena a nyumba yachitatu. Agogowo atabwera anayang'anitsitsa amayi, n'kuwatchula dzina la paubwana limene ngakhale ine sindinkalidziwa. Ankatunga madzi limodzi ali atsikana. Zimene zinachitika pamenepo sindingathe kuzilemba. Kudoko tinapita mochedwa, amayi pa kabaza wakapalasa, mnzawoyo pa kabaza wina, ife ndi ana wapansi m'mbuyo.

Pobwera galimoto inali momwe tinaisiyira, ndipo anaiphimba galasi ndi chiguduli chifukwa dzuwa linali litatembenuka. Ndalama anakana. Ndinagula mpunga wa faya ndowa imodzi kwa iwo omwewo.

Aphiri a ku Linga: Mayi, mwandiliza m'mawa uno. Agogo muwauze kuti kwawo adakali nako.

Aphunzitsi Opuma: Ndakondwa kwambiri. Ana aja auzeni alembe zimene anaona, ndi zimene agogo awiriwo ankakambirana, asanaiwale.

Achimwene a Hilux: Ndawerenga kawiri. Mwezi wamawa ndikupita ndi alamu anga, ndikaima kumtunda. Aphiri, ndidzakufunani kuti mudzationetse mzikiti wakale.

Aphiri a ku Linga: Bwerani, mudzandipeza. Lisakhale Lachisanu masana.

Mnyamata wa Kabaza: Mayi, kumzikiti ndi kumanda a a Jumbe munafikako?

Make Tadala: Ayi achimwene, nthawi inathera pakhonde paja. Ku akasupe otentha a Mawira sitinafikenso. Amayi akuti tibwererenso mvula ikatha, ndipo akufuna akagone kwa mnzawoyo masiku awiri. Pobwerera tinaima pa mlatho wa Chia kugula chambo. Pamenepo ndinavutika kupeza poima, msewu ndi wopapatiza ndipo ogulitsa amathamangira galimoto mbali zonse. Adalaivala, inu mumaima pati?

Adalaivala a ku Kamuzu Road: Pamlatho penipeni musaime. Wolokani kaye, pitirirani pang'ono mpaka pomwe matayala onse anayi angatsike pa tala, yatsani mahazadi. Ogulitsa akutsatirani okha. Nsombazo mumangirire panja, pagalasi lam'mbali, zizipitidwa mphepo mpaka ku Salima, mukagule ayezi kumeneko.